Kamera yatsopano? Tawerengani kaye maukwati

Loweruka lina mu Ogasiti ndinali pa ukwati m'holo ina ku Lilongwe, kamera ili m'khosi, thukuta lili kamukamu. Perekaniperekani atafika pachimake, mnyamata wina wa suti yabuluu anandiyandikira n'kundifunsa kuti kamera yanga ili ndi ma megapixel angati. Ndinamuuza kuti 18. Anaseka, n'kundionetsa kumbuyo kwa foni yake pomwe panalembedwa 108MP.

“Ndiye achimwene, akulipirani chani? Bwanji ndingojambula ndi iyi?”

Ndinaseka naye, koma mawuwo anandilowa. Chomwe chinandiwawa kwambiri sichinali foniyo ayi, koma mnzanga amene ankajambula vidiyo pa ukwati womwewo. Iye anali ndi kamera yatsopano ya mirrorless, ndipo pa sikirini yake kabokosi kanali kutsatira diso la mkwatibwi kulikonse komwe watembenukira, pamene ine ndinali kalikiliki kusakasaka fokasi mumdima. Nditafika kunyumba, m'malo mokopera zithunzi za anthu, ndinathera bandulo yonse pa YouTube ndi m'magulu a Facebook ogulitsa makamera. Pofika 1 koloko usiku ndinali nditagamula mlandu: kamera yanga yatha ntchito.

Matendawa mukuwadziwa ngati munasinthapo foni yomwe ikugwira bwinobwino chifukwa choti mnzanu watulukira ndi ina. Kusiyana kwake n'koti kwa achinyamata ambiri amene tikujambula maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi ma graduation, kamera ndi mpamba wa bizinesi. Ukalakwitsa pogula, umalira chaka chathunthu.

Kwa amene simunagwirepo makamera akuluakuluwa, ali ndi mbali ziwiri. Pali lenzi, chigalasi chakutsogolo chija chomwe chimachotseka. Ndiye pali body, chibokosi chomwe muli sensa, batire, khadi losungira zithunzi ndi mabatani onse aja. Lenzi yabwino mukaisamala imatha zaka 20 ikugwirabe ntchito. Body ndi imene makampani amatulutsa yatsopano pafupipafupi, ndipo ndi imene imatisowetsa tulo. Yanga ndi Canon 600D, yomwe inatuluka mu 2011. Ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito ndili chaka chachitatu ku koleji, ndi ndalama za maganyu kuphatikizapo zina zomwe malume anandiwonjezera. Mpaka lero ndi imene imandithandiza lendi mwezi ukatalika.

Tiyambe ndi nkhani ya ma megapixel, poti ndi msampha womwe umakola ambiri. Chithunzi chomwe mumaika pa Instagram nthawi zambiri chimachepetsedwa kufika timadontho 1,080 m'lifupi. Chija chachitali cha 1,080 kwa 1,350 sichikwana ngakhale ma megapixel 2. Pa WhatsApp nacho chimafinyidwa. TV ya 4K imaonetsa ma megapixel 8.3 basi. Kusindikiza chithunzi chooneka bwino kwambiri pa pepala la A4 kumafuna pafupifupi 9, pa A3 pafupifupi 17. Tsono taganizani zomwe makasitomala athu amafuna: zithunzi pa WhatsApp Lolemba m'mawa, alubamu, ndi chimodzi cha m'felemu chopachika pabalaza. Ma megapixel 18 akukwanira zonsezi.

Nanga foni ya achimwene a suti yabuluu aja? Mafoni ambiri a 108MP, mukajambula mwachizolowezi, amaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi n'kutulutsa chithunzi cha 12MP. Amatero chifukwa sensa yake ndi yaing'ono ngati chikhadabo, ndipo kadontho kalikonse pakokha sikalandira kuwala kokwanira. Sensa ya 600D ndi ya mamilimita 22.3 kwa 14.9. Ya makamera otchedwa full frame ndi 36 kwa 24, kutanthauza kuti malo ake ndi aakulu kupitirira kawiri ndi theka. Zili ngati kutchera madzi a mvula: wina watchera kapu, wina ndowa, wina beseni. Masana dzuwa likuswa mtengo onse amadzaza, ndipo ndisaname, mafoni a masiku ano panja amajambula mochititsa kaso. Kusiyana kumaonekera kuwala kukachepa.

Ndipo mdimawo ndiye linali dandaulo langa lenileni nditakhala pansi n'kudzifunsa bwinobwino. M'matchalitchi ndi m'maholo athu ambiri kuwala n'kochepa. Ndikakweza ISO kupitirira 1600, zithunzi zimadzaza timchengamchenga, makamaka pa suti zakuda ndi pa khungu lathuli. Ndinkaganiza kuti mankhwala ake ndi body yatsopano. Koma taonani masamu awa.

Lenzi yomwe imabwera ndi makamera ambiri otsika mtengo ndi ya 18-55mm. Mukaikokera pa 55mm, bowo lake lolowetsa kuwala silitseguka kupitirira f/5.6. Lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa pamenepo. Kuchoka pa 600D kupita pa body ya full frame, mumdima mungapindule mwina katatu kapena kanayi. Tsono yerekezani mitengo: Canon EF 50mm f/1.8 STM inatuluka mu 2015 pa mtengo wa madola 125 a ku America, pamene Canon R6 inatuluka mu 2020 pa madola 2,499, body yokha yopanda lenzi. Chinthu chotsika mtengo ka 20 ndi chomwe chikuthetsa vuto la mdima kuposa chinzake. Palibe wa pa YouTube amene anandiuza zimenezi usiku uja, poti vidiyo ya lenzi yotchipa ndani angaionere?

Lenzi ya 50mm ili ndi vuto lake, musadzati sindinanene. Pa body ya sensa yaing'ono imakhala ngati 80mm, moti m'nyumba yopanikizika mumabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, gulu la ankhoswe osakwanabe m'chithunzi. A Nikon ali ndi 35mm f/1.8 yomwe imathandiza pamenepa, ndipo Sigma ndi Tamron anapanga ma 17-50mm f/2.8 omwe amapezeka ogwiritsidwapo kale ntchito. Kenako pali flash. Ya Godox kapena Yongnuo, mukailozetsa kudenga loyera, imasintha chithunzi kuposa body iliyonse. Chenjerani ndi maholo omwe kudenga kuli malata okhaokha kapena akutako nsalu zapinki, chifukwa akwati onse amatuluka apinki. Pamenepo mpofunika kasitandi ndi ambulera yoyera.

Ndiye kodi ndikunena kuti body isamasinthidwe? Ayi. Pali nthawi yomwe body ndi imene ikukudyerani ndalama, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi mowawa.

Chaka chatha ndinajambula chinkhoswe ku Area 25. Zonse zinayenda bwino: kuvundukula atsikana ofundidwa zitenje, kusinthana tambala ndi msoti, kupereka nkhwangwa ndi lichero, malangizo a ankhoswe. Agogo a mtsikanayo anachita kubwera pa minibasi kuchokera ku Ntcheu, ndipo banja lonse linaima nawo pamodzi kuti ndiwajambule. Madzulo nditalowetsa khadi mu laputopu, inandiuza kuti khadilo likufunika kufufutidwa kaye kuti ligwire ntchito. Thupi lonse linazizira. Linali khadi lotchipa lomwe ndinagula m'tauni, lolembedwa 128GB, ndipo ndinkanyada nalo kuti ndagula motchipa. Ndinakhala usiku wonse ndi pulogalamu yobwezeretsa mafayilo. Zambiri zinabwerera, koma za kumapeto, kuphatikizapo cha agogo chija, zinapita.

Ndinapita ndekha kukapepesa, poti nkhani yotere siyapafoni. Mayi a mtsikanayo sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Mwana wanga, ndiye agogo aja tiwaitanenso kuchokera ku Ntcheu?” Ndinabweza theka la ndalama, koma ukwati wawo anakajambulitsa kwa wina, ndipo sindingawadandaule.

Kulakwa kunali kwanga, pogula khadi losadziwika bwino n'kuikapo mwambo wonse. Koma tsikulo ndinamvetsa chifukwa chomwe ojambula maukwati amalimbikira body yolowa makhadi awiri. Chithunzi chilichonse chimalembedwa kawiri nthawi imodzi, lina likafa linzake lilipo. Canon 5D Mark III ya 2012 ili ndi malo awiri, limodzi la CF lina la SD. Nikon D750 ya 2014 imalowa ma SD awiri, chimodzimodzi Sony a7 III ya 2018 ndi Canon R6 ija. Koma musaganize kuti full frame iliyonse ili choncho: Canon 6D, 6D Mark II ndi RP zimalowa khadi limodzi. Chithunzi cha graduation mukhoza kumuitana munthu n'kuvalanso gauni. Chinkhoswe sichibwerezedwa. Kwa ine, ichi n'chifukwa chomveka chosinthira body kuposa ma megapixel onse a padziko.

Chifukwa china ndi vidiyo, poti makasitomala a lero amafuna zonse kwa munthu mmodzi, ndi kakilipu ka TikTok komwe. 600D imasiya kujambula fayilo ikafika 4GB, zomwe ndi mphindi pafupifupi 12 pa Full HD, ndipo siitsatira yokha munthu akamayenda. Canon inakonza bwino za fokasi ya vidiyo kuyambira pa 70D mu 2013. Makamera ambiri a zaka zimenezo amaimanso pa mphindi 29 ndi masekondi 59, osati chifukwa chofooka, koma makampani ankapewa msonkho womwe mayiko a European Union ankaika pa makamera a vidiyo. Abusa akafika pakati pa ulaliki sadziwa za msonkho wa ku Ulaya. Ngati theka la ntchito zanu ndi vidiyo, body yakale ikukuvutitsanidi.

Ndiye pali fokasi ija ndinkasirira kwa mnzanga. Akwati ndi operekeza awo akamalowa m'holo akuvina, mumdima, makamera atsopano ozindikira nkhope ndi diso amaphonya pang'ono kwambiri. Ngati lenzi yanu ndi yabwino, flash muli nayo, dzanja lanu ndi lokhazikika, koma zithunzi za nthawi yovina zikutulukabe zosaoneka bwino mobwerezabwereza, apo body yafika pamapeto pake. Komanso ena, makamaka mabungwe ndi makampani, amalemberatu kuti akufuna vidiyo ya 4K. Mukataya ntchito ziwiri zitatu pa chifukwa chimenecho, nkhani yasintha. Chofunika n'choti muthe kutchula ntchito yomwe kamera yanu inakutayitsani, tsiku lake ndi ndalama zake. Ngati simungathe kutchula, mwina ndi maso chabe.

Tinene kuti mwatchula, ndipo mwatsimikiza. Funso lotsatira ndi loti mulowere kuti, ku DSLR yapamwamba yakale kapena ku mirrorless.

Komwe dziko likupita n'kodziwika. Sony inatulutsa a7, mirrorless ya full frame, mu 2013. Canon ndi Nikon anatsatira mu 2018 ndi EOS R komanso Z6 ndi Z7. Kumapeto kwa 2021 mkulu wa Canon, Fujio Mitarai, ananena kuti 1D X Mark III ndi yomaliza pa ma DSLR awo apamwamba kwambiri. Kwa ife kuno nkhani imeneyi ili ndi ubwino wake: ojambula a ku Ulaya, Japan ndi South Africa akusamukira ku mirrorless n'kumagulitsa ma DSLR ndi malenzi awo motsika mtengo. Kamera yomwe inkajambula magazini mu 2014 siinaiwale ntchito chifukwa kwatuluka ina.

DSLR ilinso ndi mwayi wina womwe anzathu akunja sauwerengera kwenikweni: batire. Pa muyezo wa makampaniwo, Nikon D750 imajambula zithunzi 1,230 pa batire limodzi, pamene Canon RP imajambula pafupifupi 250, chifukwa sikirini ndi sensa ya mirrorless zimakhala zikuyaka nthawi yonse. Ukwati wa kumudzi kopanda magetsi, kapena wa m'tauni tsiku lomwe azima kuyambira m'mawa, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Fumbi nalo: mukachotsa lenzi pa mirrorless zambiri, sensa imakhala pamtunda, ndipo fumbi la Seputembala ndi Okotobala mukulidziwa. Za kutentha, Canon R5 itangotuluka mu 2020 inatchuka ndi kuzima ikatenthedwa pojambula vidiyo ya 8K. Musanagule body iliyonse ya vidiyo, fufuzani kuti imapirira bwanji, makamaka ngati ntchito zanu zimakufikitsani ku Chikwawa kapena Nsanje.

Msampha waukulu uli pa malenzi. Kampani iliyonse ili ndi kamwa yakeyake yomangirapo lenzi, moti kuchoka ku Canon kupita ku Sony ndi kusamuka mudzi, osati kungosintha nyumba. Ngakhale mkati mwa kampani imodzi muli mbuna. Malenzi a Canon olembedwa EF-S, monga 18-55mm ija, salowa pa DSLR ya full frame ngati 5D kapena 6D. Pa mirrorless ya Canon amalowa kudzera pa adaputa, koma kamera imangogwiritsa ntchito pakati pa sensa, ndiye R6 ya ma megapixel 20 imakupatsani osakwana 8. Mwalipira ndalama zonse zija kuti mutsike kuchoka pa 18! Ku Nikon, adaputa ya FTZ imalola malenzi akale pa makamera a Z, koma aja akale kwambiri olembedwa AF-D sachita fokasi okha. Ndawaonapo anyamata atagula body yapamwamba ndalama n'kuthera pomwepo, n'kumayenda nayo ndi lenzi yobwereka.

Ndipo mtengo wa body si mtengo wonse. Mabatire apadera, adaputa, makhadi othamanga, zonsezi ndi ndalama. Mafayilo a RAW a kamera ya ma megapixel 45 amatha kufika 50MB chimodzi, kawiri kuposa a 600D, ndiye hard drive imadzaza msanga ndipo laputopu ya ku koleji ija imayamba kulira ngati chigayo. Makamera atsopano a Canon amasunga RAW mu mtundu wa CR3, womwe Lightroom 6 yakale ija siutsegula pokhapokha mutayamba mwausintha ndi pulogalamu ina. Vidiyo ya 4K ndiye imafuna kompyuta yamphamvu ndithu.

Tsopano ndalama. Makamera onsewa amagulidwa ndi ndalama zakunja, pamene ife timalipidwa makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki, ndipo aliyense amene anayesapo kupeza madola akudziwa kuti mtengo wa pa pepala ndi wina, wopezera ndi wina. Mitengo ya makamera inakwera nthawi yomweyo. Mitengo yathu yojambulira ukwati siinakwere choncho, poti kasitomala amakuuzani kuti mphwake ali ndi iPhone.

N'chifukwa chake ine ndinasiya kuwerenga mtengo wa kamera m'makwacha, ndimawerenga m'maukwati. Tiyerekeze kuti body, adaputa, mabatire ndi makhadi zonse pamodzi zikukwana K3 miliyoni. Tiyerekezenso kuti pa ukwati uliwonse, mukachotsa thiransipoti, wokuthandizani, kusindikiza ndi bandulo yotumizira zithunzi, mumatsala ndi K150,000. Amenewo ndi maukwati 20 omwe mwagwira ulele, musanadye, musanalipire lendi. Ikani manambala anuanu, muone. Kenako dzifunseni ngati body yatsopanoyo ikulolani kukweza mtengo kapena kupeza ntchito zomwe panopa simukuzipeza. Ngati makasitomala ndi omwewo, mtengo ndi womwewo, maukwati 20 aja mwangopereka mphatso ku Japan.

Za ngongole ndiye samalani kwambiri. Maukwati ali ndi nyengo yake, amachuluka anthu akakolola mpaka Disembala, kenako Januwale ndi Febuluwale kumakhala zii, aliyense ali pa fizi ndi feteleza. Chiwongoladzanja cha banki m'khonde sichidziwa nyengo, cha katapila ndiye musayerekeze n'komwe. Njira yomwe ambiri timaiiwala ndi kubwereka kolipira. M'mizinda yathu muli ojambula omwe amabwereketsa body pa tsiku. Mukapeza ntchito yofuna 4K, ikani mtengo wobwerekera mu kotesheni, mugwire ntchitoyo, muione kamerayo m'manja mwanu tsiku lathunthu. Mwina mudzaikonda, mwina mudzapeza kuti zithunzi zanu sizinasinthe kwenikweni.

Mukafika pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani shutter count, chiwerengero cha zithunzi zomwe kamerayo yajambula chiipangireni. Ili ngati mailosi a galimoto. 5D Mark III ndi D750 anazipangira zithunzi pafupifupi 150,000. Zina zimapitirira, zina zimafa zisanafike, koma yomwe yayandikira pamenepo mtengo wake utsike. Pa Nikon chiwerengerochi chimabisala m'fayilo ya chithunzi chilichonse, pa Canon zambiri mpaka kuilumikiza ku kompyuta. Pitani ndi lenzi yanu, khadi lanu ndi flash yanu. Jambulani khoma loyera pa f/22 n'kukuza chithunzicho kuti muone madontho ndi mikwingwirima ya pa sensa. Yesani malo onse awiri a makhadi. Unikani ndi tochi ya foni ngati muli chuku, makamaka kamera yomwe yakhala kunyanja kapena ku Mulanje nthawi ya dzinja. Lembani nambala ya kamerayo, mulembetsane kalata ndi wogulitsa, poti makamera obedwa alipo ndipo apolisi akabwera amatenga kwa amene wapezeka nayo. Ndalama osatumiza pa foni katundu musanamugwire, ngakhale wogulitsayo atalankhula mokoma bwanji. Mukaitanitsa ku Johannesburg, Dubai kapena ku UK, werengeranitu msonkho wa MRA ndi wonyamula, ndipo dziwani kuti ikawonongeka zipangizo zake zimachita kuitanitsidwanso kunja.

Chomaliza pa kagulidwe: yakaleyo musaigulitse ngati mungathe. Body ya 2011 pamsika ikupatsani ndalama yochepa, koma m'chikwama pa tsiku la ukwati ndi imene ingakupulumutseni yatsopanoyo ikagwa pansi mphete zisanavekedwe.

Ine usiku uja sindinagule kanthu, mwamwayi ndalama panalibe. Patatha milungu itatu ndinagula 50mm f/1.8 ndi flash imodzi. Makhadi ndili nawo anayi a 32GB ogula m'sitolo yodalirika, ndipo ndimasintha mwambo uli mkati kuti zonse zisakhale pamodzi. Ndinagulanso kope la masamba 40 momwe ndimalemba, ndikaweruka ntchito iliyonse, chomwe chinandikanika ndi chifukwa chake. Za mdima zinasiya kuonekamo. Zomwe zikubwerabe ndi ziwiri: mantha a khadi limodzi, ndi fokasi nthawi yovina.

Choncho body ndisintha ndithu, koma osati ija ndinkaisirira. Ndikusungira 5D Mark III yogwiritsidwapo kale ntchito, poti 50mm yanga ilowa popanda adaputa, ngakhale ndikudziwa kuti 18-55mm itsalira pa 600D ndipo ndidzafunika khadi la CF. Vidiyo ndizimusiyira mnzanga uja, tizigawana ntchito. Pa masamu anga kwatsala maukwati 7, kwacha ikapanda kugwanso. Loweruka likubwerali ndili ndi chinkhoswe ku Kawale, ndipo mabatire a 600D ndatchajiratu lero lomwe magetsi akadalipo.